A Njobvu Apita ku Maliro pa Ndege

Ku Chifubu, komboni ya mu Ndola, kunalibe munthu wosadziwa kuti a Patson Njobvu amagwira ntchito ya ndege, chifukwa eni akewo sankalola kuti wina aiwale. Ukawapatsa moni ankayamba ayang'ana kumwamba, kenako pa wotchi, n'kukuuza kuti ya ku Lusaka yachedwa lero, ngati unawafunsa. Koma ndegeyo anali asanaikwerepo ndi kamodzi komwe. Ntchito yawo inali yoyendetsa galimoto ya kakampani kena ka ndege zitatu pa bwalo la ku Ndola: m'mawa kukatenga oyendetsa ndege kunyumba yogona alendo, madzulo kuwabwezako. Basi.

Tisawanamizire, ntchito yolimba anaigwirapo. Anachoka kwawo ku Chipata ali mnyamata, nakhala zaka khumi ndi zinayi pansi pa mgodi ku Kitwe. Dziko litalandira ufulu, mkuwa uli pa mtengo, anthu akusintha ntchito ngati malaya, iwo anaphunzira galimoto, ndipo kampani inawapatsa chipewa chokhala ndi timapiko kutsogolo. Chipewa chimenecho chinawaononga mutu. Ankalowa nacho ndi m'tchalitchi momwe, mpaka katekisiti anatopa kuwauza.

Panali lamulo limodzi la boma limene ankalinyoza tsiku ndi tsiku. Woyendetsa ndege akatha ntchito ankayenera kupuma maola khumi ndi awiri asanayambe ina, ndipo maolawo ankayamba kuwerengedwa iye akafika pogona, osati akangotera.

"Munthu wakhala pampando tsiku lonse akumwa tiyi m'mitambo, ati watopa," ankatero a Njobvu kumowa. "Ife tinkamenya mashifiti awiri pansi, thanthwe lili pamutu. Boma liti linabwera kudzatigoneka? Makanda andevu amenewa."

Wina amene ankamunyoza anali Philomena Sakala, kalaliki amene ankalemba nthawi za ndege ndi choko pa bolodi la mu ofesi. Kwa iwo anali kamtsikana ka choko, ndipo ankamutchula choncho iye akumva.

Analinso ndi kachizolowezi kawo. Oyendetsa ndege ambiri akangolowa m'galimoto madzulo ankagona tulo tofa nato, ndiye a Njobvu ankakhotera ku Chifubu, n'kudutsa pa msika pang'onopang'ono chigongono chili pawindo, kuti anthu aone mzungu akuwodzera kumbuyo kwa mwana wa ku Chipata. Zinkangodya mphindi khumi, ndipo palibe anadandaulapo.

Mu Okutobala wa 1969, Lachiwiri m'mawa, inafika telegalamu. Atate awo anali atamwalira kuchipatala cha mishoni, ndipo maliro adzaikidwa Lachinayi leveni koloko, nthawi imene wansembe anati adzafika kumudzi. Ndi kutentha kwa mwezi umenewo, panalibe zodikira munthu. Kwawoko mwana woyamba ndiye amayamba kuponya dothi m'manda, ndipo mwana woyamba anali iwowo.

Mng'ono wawo Jairus, telala wa pa msika wa Chisokone ku Kitwe, anafika masana omwewo ndi kachikwama m'manja.

"Achimwene, tiyeni. Basi ya ku Lusaka inyamuka thuu koloko. Tikagona pa siteshoni, mawa tigwira ya kum'mawa."

"Basi?" A Njobvu anamuyang'ana kuyambira kumapazi. "Ine ndikafike pa maliro a atate ndili mbuu ngati thumba la ufa? Pita iwe. Bwana wandipatsa mpando pa ndege ya katundu ya Lachinayi. Seveni koloko tinyamuka, hafu naini tili pa Chipata, ola limodzi ndili pamudzi. Ukandipeza nditakhala."

Jairus anali atazolowera kuti akulu ake akayamba za ndege, mawu ako umangowameza. Ananyamula kachikwama kake n'kupita.

Lachitatu madzulo Kaputeni Brody, amene anali woti adzayendetse ndege ya ku Chipata, anatera faifi koloko kuchokera ku Mbala, maso ali psuu. Philomena anatsatira a Njobvu mpaka pa galimoto.

"A Njobvu, lero molunjika chonde. Sikisi koloko akhale atafika pogona, kuti mawa sikisi muwatenge. Mukachedwa, ndege ichedwa."

"Iwe mwana, ine ndinayamba kuwerenga wotchi amako asanakuyembekezere."

Asanatuluke n'komwe pa geti, kaputeni anali akuliza mkonono. Pamphambano ya ku Chifubu manja a a Njobvu anakhota okha. Kunyumba kwawo anthu a kum'mawa anali atasonkhana kudzakhuza maliro, amuna panja, amayi a mpingo akuimba m'nyumba. Ndiye anthu onsewo amve chabe za ndege osaona ndi galimoto yomwe? Mphindi khumi zokha, anadziuza motero.

Kalanga, mphindi khumi za a Njobvu. Anapatsa moni aliyense ndi dzanja. Anafotokozera akuluakulu kuti ndege idzadutsa pamwamba pa Luangwa, kuti mapiko ake ndi aatali kuchoka apa kufika pa mpopi paja, kuti anthu akumudzi adzaona kuti malemu anabereka munthu. Anayesa suti yakuda imene anabwereka kwa mnansi, naivula, naiyesanso ndi chipewa. Za atate awowo ananenapo mawu awiri kapena atatu.

Akazi awo a Norah anawakoka malaya. "Atate ake Betty, mzungu wanu akadali m'galimoto."

"Msiyeni. Si paja boma likufuna agone? Akugona."

Kaputeni anadzidzimuka kutada, nyimbo ya maliro ili m'makutu, osadziwa kuti ali dziko liti. Sanakalipe. Anangoti, "Patson, nyumba, tsopano." Anafika eyiti koloko, ndipo woyang'anira nyumba yogona analemba nthawiyo m'buku lake monga mwa masiku onse, kaputeni n'kuimba telefoni ku ofesi.

M'mawa a Njobvu anafika kunyumba yogona alendo hafu faifi, suti yakuda, nsapato zikuwala. Chitseko cha kaputeni chinali chotseka, ndipo woyang'anira anawauza kuti abwerenso eyiti. Anathamangira ku bwalo. Pa bolodi, pamene panali seveni, panali naini.

"Mwana wanga," anatero kwa Philomena. Lero anali mwana wawo. "Ndi choko chabe ichi. Chala chimodzi, chafufutika."

"Choko chifufutika, a Njobvu, koma buku la kogona silifufutika. Oyang'anira a boma akaona, kaputeni alandidwa chiphaso, kampani itsekeredwa ndege. Dzulo ndinakuuzani."

"Koma anagona! M'galimoto muja anagona maola awiri athunthu, mkonono ndinaumva ndekha."

"Lamulo likuti pabedi, m'chipinda. Silinatchule za pa Chifubu."

Munthu amene anamenya mashifiti awiri pansi pa thanthwe anakhala pa benchi maola awiri, akuyang'ana ndege ili chiimire padzuwa, mafuta atathira kale, katundu atalonga kale, ikudikira kuti mwamuna mmodzi amalize tulo. Atapita kukamutenga eyiti koloko, kaputeni anawagwira paphewa n'kunena kuti pepani, ndipo kupepesako kunawawawa kuposa kutukwanidwa.

Ananyamuka naini koloko. Za ulendowo a Njobvu sanakambepo kumowa. Mpando wawo unali pakati pa mabokosi a mankhwala ndi zitsulo za thirakitala, ndipo ndege itayamba kudumphadumpha ndi mphepo yotentha ya ku Luangwa, chimene anadya m'mawa chinabwerera. Pafupi panalibe china koma chipewa cha timapiko chija.

Anatera hafu leveni. Lole imene anaipeza inawatsitsa pa njira ya kumudzi wani koloko itayandikira, ndipo anakumana ndi anthu akuchokera kumanda, makasu ali pamapewa, akusamba m'manja pa chidebe. Wansembe anali atapita kale pa njinga yake yamoto.

Jairus anali pomwepo, mbuu ngati thumba la ufa, atagona masiku awiri m'mabasi. M'zikhadabo mwake munali dothi lofiira. Anawapatsa moni mwaulemu, ndipo a Njobvu sanafunse kuti anayamba kuponya dothi ndani.

Azakhali awo a Eneles, mlongo wa malemu, ndiwo anabwera pang'onopang'ono ndi ndodo yawo. Anayang'ana suti, anayang'ana nsapato, anayang'ana mutu wopanda chipewa.

"Mwafika, a Patson."

"Ndafika, azakhali. Ndege inachedwa. Kuli lamulo lina lopusa la..."

"Ayi, sinachedwe," anatero a Eneles. "Tinaimva. Inadutsa pamwamba pathu penipeni tikutsitsa bokosi, mpaka wansembe anayamba waima pemphero kuti phokoso lithe. Anthu onse anayang'ana kumwamba monga munafunira. Tsopano pitani, manda ndi atsopanowo pafupi ndi mtengo wa msuku. Mukawauze nokha atate anu kuti munabwera pa ndege."