Mvula ya Kwawo Kuphiri

Mkulu woyandikana ndi Veronica ku Chinsapo anaweta ng'ombe zaka makumi atatu m'katauni kena ka kuphiri, ndipo mpaka lero mtima wawo sunatsikeko. Ukadandaula za kuzizira, amakuseka: "Kwathu ng'ombe zimadzuka ndi chisanu pamsana!" Ukangowapatsa moni, basi waputa mbiri ya makola onse, kuyambira nthawi ya azungu.

Lolemba lapitali Veronica anawafunsa, "Agogo, ndiyanike ufa?"

Anayang'ana kum'mwera nthawi yaitali. "Yanikani, mayi. Lero mvula kulibe."

Masana chimvula chinakhuthuka Veronica ali kumsika. Ufa wa mwezi wathunthu unasanduka phala pamphasa.

"Agogo, si paja munati kulibe?" anakalipa atabwerako.

Mkuluyo sanaphethire n'komwe. "Ine ndimanena za kwathu. Kumeneko sinagwe."