Kukalanda Makina a Amuna Anga ku Marapodi

Ndinakhoma chitseko cha nyumba yathu ku Chawama seveni koloko m'mawa, Lachinayi, nditavala chitenje chatsopano ndi nsapato zafulati. Chitenjecho chinali choti mkazi amene ndinkapita kukakumana nayeyo asandione ngati wosowa. Nsapatozo zinali zoti zinthu zikavuta ndithe kuponda bwino pansi.

Amuna anga, atate a Mwayi, amayendetsa minibasi ya ku Chawama ndi m'tauni. Ali ndi vuto loti akagona mpweya umatsekeka pakhosi. Mkonono umalira, kenako zii, mpaka ndichite kuwagwedeza. Masana amawodzera paliponse, ngakhale ali ndi mbamu m'manja. Chaka chatha a dokotala atawayeza anati azigona ndi makina otchedwa CPAP, kabokosi kokankha mpweya kudzera m'paipi mpaka pa masiki yovala kumphuno. Anagula ndi mwana wathu Mwayi wa ku Kitwe, pamodzi ndi batire loti lizithandiza malaiti akapita. Wosamala makinawo ndine. Ndimatsuka masiki m'mawa uliwonse, kuyanika paipi, kusintha kasefa kakadzaza fumbi, ndi kuthira m'kathanki madzi ake apadera ogula ku famase. Chiyambireni, munthu uja anasiya kuwodzera.

Ndiye masabata atatu apitawo makina anasowa patebulo. Nditafunsa amuna anga, anati ali kwa wokonza. Wokonza wake ndani? Akuti sindingamudziwe. Koma anatenga ndi botolo la madzi lomwe, ndi kasopo kotsukira masiki. Wokonza makina kasopo kanga akatani nako? Kenako mnansi wathu anati anawaona akutsika ku Marapodi ndi chikwama chakuda. Ine ndakulira m'komboni, ndikudziwa kuti mwamuna sasamuka tsiku limodzi. Amayamba jekete, mawa wailesi, uzidzazindikira watsala ndi chithunzi chaukwati.

Chimene chinandinyamula ndi cha Lolemba. Mkazi wa kondakitala wawo anandikokera pambali kumsika, nati atate a Mwayi anawodzera pa maloboti a msewu wa Kafue, basi ikutsetsereka yokha, anthu akukuwa.  Ndinati za mkaziyo tidzakamba pambuyo, koma makina abwere kunyumba munthu asanafe ndi anthu a eni ake. Ku Marapodi kumakhala alamu anga a Yotamu, akulu awo a amuna anga, ndiye ndinaganiza zoyambira kumeneko kufufuza.

Minibasi ya m'tauni inali makwacha khumi ndi awiri. Ndinakhala mpando wachitatu, bondo langa litapanikizidwa ndi thumba la makala a munthu wina. Woyendetsa anali wamng'ono pa amuna anga, koma ulendo wonse ndinkamuyang'ana m'galasi kuti ndione ngati zikope zikugwa. Atayasamula kamodzi pafupi ndi Misisi ndinatsokomola mwamphamvu, mpaka mayi wa pambali panga anasendera kuwindo.

Tinafika m'tauni cha m'ma hafu eyiti, titakhala pamzere wa magalimoto nthawi yoti munthu akanaphika nyemba. Pa siteshoni oitanira anandigwira mikono yonse iwiri, wina akuti Mandevu, wina akuti Matero, ngati ndawauza kumene ndikupita. Ndinagula tute, chinangwa chowotcha, ndi nshawa za makwacha asanu kuti ndikafike ndi mphamvu. Mkangano wa m'mimba yopanda kanthu umathera m'misozi, ndipo ine sindinkafuna kulira pamaso pa mkazi mnzanga.

Basi ya ku Mandevu inadzaza naini koloko itadutsa. Pambali panga panakhala mkazi wonenepa bwino, wa wigi yofiirira, wonunkhira ngati shopu ya mafuta. Atauza kondakitala kuti atsika ku Marapodi, ndinamuyang'ana kuyambira kuphazi. Ndinayamba kumufunsa mochenjera ngati ali pabanja. Anati amuna awo ndi a minibasi. 

"Ba minibasi ya kuti?" ndinafunsa.

"Ya ku Chongwe, mami. Koma banamwalira chaka chatha, pa ngozi."

Ndinamupatsa nshawa zonse zotsala. Manyazi anandigwira, koma mantha ndiwo anakula.

Ku Marapodi ndinatsika cha m'ma teni. Kwa alamu ndinali ndisanapiteko zaka ziwiri, ndipo njira zasintha, paliponse pamera mpanda ndi kantemba kogulitsiramo. Wogulitsa tomato amene ndinamufunsa anayamba wandifunsa kaye ine kuti ndine ndani, ndachokera kuti, ndikuwafuniranji. Nditati ndine mlamu wawo, anandiloza ndi mlomo njira yodutsa pa mpope wa madzi, koma maso ake anandiperekeza mpaka pokhota. Ndinati basi, komboni yonse ikudziwa, wosadziwa ndine ndekha.

Akazi a alamu, amake Dalitso, ndinawapeza akuchapa. Atandiona anagwetsa sopo m'beseni. Anandilonjera bwinobwino, koma m'malo mondilowetsa m'nyumba anatulutsa mpando n'kuuika pansi pa mtengo wa mapeyala, dzuwa likuswa mtengo. Anati m'nyumba simunasesedwe. Anandibweretsera maheu, ndipo pobwera anakoka chitseko mpaka chinatsekeka. Ndinafunsa za alamu, anati akupuma. Ndinafunsa ngati atate a Mwayi amafika kuno, anati mwa apo ndi apo, maso ali pa zovala. Ndinadziwa kuti mkaziyo ali m'katimo. Ndiye kuti abale ake omwe ndi amene akumusunga! Maheuwo sindinamwe.

Tili chikhalire choncho, wailesi ya nyumba yoyandikana inabangula mwadzidzidzi, ana n'kuyamba kukuwa kuti malaiti abwera. Amake Dalitso anadzuka msangamsanga, anati akubwera, n'kulowa. Patangopita kanthawi ndinamva kaphokoso kotsika, fuuu, ngati munthu akuuzira moto chapatali. Kaphokoso kameneko ndagona nako chaka chathunthu. Ndinakankha chitseko osaodira.

Munalibe mkazi wachilendo aliyense. Pabedi panali alamu a Yotamu, atatsamira mapilo awiri, masiki ya amuna anga ili kumphuno, amake Dalitso akuwamanga malamba. Munthu amene ndinkamudziwa wamphamvu, womanga nyumba za eni ake, anali atatupa mapazi, maso ofiira. Mkwiyo umene ndinanyamula kuchokera ku Chawama unasowa pogwera.

Nkhani inatuluka pang'onopang'ono. Alamu nawo ali ndi mkonono womwewo, ndipo ntchito inawathera chifukwa anapezeka akugona pa sikafodi, pamwamba pa nyumba imene ankamanga. Mng'ono wawo atawaona, anabweretsa makina. Pakuti batire linatsala kwathu, ankawavala nthawi iliyonse malaiti akabwera, kaya ndi masana. Ndinatsegula kathanki, m'kati monse mwayera ngati ketulo yakale, chifukwa botolo lija litatha ankathira madzi a pa mpope. Kasefa kanali bii. Alamu anavomera kuti amadzuka mimba itadzaza mpweya, kukamwa kuli gwa. Ndinawauza kuti mphamvu ya mpweyawo a dokotala anaitchera pakhosi pa mng'ono wawo, si wilibala yoti n'kubwerekana. Kenako ndinanena za maloboti a Lolemba.

Alamu anachotsa masiki pang'onopang'ono.

"Anatiuza kuti anachira," anatero. "Anati a dokotala amuuza kuti safunikanso."

Amake Dalitso anathawitsa maso, ndipo apo ndinadziwa kuti iwo bodzalo ankalidziwa. Alamu anayamba okha kukulunga paipi. Akazi awo ananditsatira panja n'kundigwira dzanja, mawu ali pansipansi.

"Amake Mwayi, tisiyireniko sabata imodzi chabe. Masiku aya ndiye naona bamuna banga bauka na kuseka. Bamuna banu basanabwere na vamene ivi, nenze kugona na kwanja pa chifuwa chawo."

Dzanja la pachifuwa limenelo ndikulidziwa. Ndinafuna kunena kuti chabwino. Koma ndinaona basi ikutsetsereka pa maloboti, ndinaona mayi wa wigi uja. Ndinawauza kuti ayi, mundikhululukire, awa ali pabedi koma anga ali pa chiwongolero. Ndinalonjeza kuti Lachiwiri tidzabwera kudzawatenga alamu kupita nawo kuchipatala kuti akayezedwe paokha, ndipo pakadali pano azigona chammbali, mutu uli pamwamba, monga anatiuzira ife tisanapeze makina. Anagwedeza mutu, koma sanandiperekeze mpaka pamsewu monga timachitira.

Wani koloko ndinali m'basi yobwerera, chikwama chili pamiyendo, manja onse awiri pamwamba pake. Kondakitala anafuna kuchiika kumbuyo ndi matumba a kapenta, ndinamuyang'ana kamodzi, anachisiya. M'tauni ndinalola mabasi anayi a ku Chawama adutse, oitanira akunditukwana chamumtima, mpaka inafika ya atate a Mwayi. Ndinakwera kutsogolo.

Anayang'ana ine, anayang'ana chikwama, n'kuliza injini. Maso awo anali ofiira ngati a akulu awo. Titatuluka m'tauni, anandifunsa:

"Akulu mwawasiya bwanji?"

"Ndawasiya opanda makina, mmene inu mwagonera masabata atatu. Lachiwiri mupemphe tchuthi."

"Ndi amene anandilipirira sukulu yoyendetsa galimoto," anatero, maso ali pamsewu. "Ndikanawayang'ana bwanji?"

 Ndinangoyamba kuwafunsa za matayala, za mitengo ya mafuta, za chilichonse, kuti pakamwa pasatsekeke mpaka tifike. Tinalowa mu Chawama itangodutsa fayifi. Ndinatsika ndekha, iwo n'kubwerera ulendo wina umodzi, ndipo ndinafikira kuviika kathanki m'viniga.

Ndikanakapeza mkazi ku Marapodi, ndikanadziwa chochita, ndipo ndikanabwera ndili wolungama. Koma makina ndi amodzi, amuna ofuna kupuma ndi awiri, ndipo ine ndinasankha wanga. Ndikanasankhanso chimodzimodzi mawa. Chokhacho, kuyambira lero mpaka Lachiwiri, wogona dzanja lili pachifuwa cha mwamuna ndi amake Dalitso, ndipo amene wawabwezera kumeneko ndine.