Bondo langa linakana pa chitunda cha kumanda

Lachiwiri lapitali tinaika m'manda a Nikoroma, mnzanga amene tinaphunzitsa naye sukulu imodzi kwa Chiwalo zaka zambiri. Manda a kwawo ali m'tsinde mwa phiri la Michesi, njira yake yachitunda ndi yamiyala. Galimoto sifikako. Bokosi limayenda pamapewa a amuna, molandizana.

Ine ndinali nditatsimikiza mumtima kuti mnzangayu ndimunyamula mpaka kumanda. Achibale atandiona ndikuvula jekete anayesa kundiletsa, koma ndinawayang'ana ndi diso lauphunzitsi lija, iwo n'kupatuka. Ndinagwira kutsogolo.

Pachidikha zinayenda bwino. Titangoyamba chitunda, bondo langa linayamba kunjenjemera, mpweya n'kuchepa, bokosi n'kupendekekera kwa ine. Amayi amene ankaimba kumbuyo anasiya nyimbo pakati. Ndinaona kuti ndikachita makani tigwetsa maliro. Ndinakodola bambo wina kuti alowe m'malo mwanga, ine n'kukakhala pamwala m'mbali mwa njira.

Abale anga, pamwala paja ndinadzinyoza. Mawu amene ndinadziuza sindingamuuze ngakhale munthu amene wandibera mbuzi.

Mayi Nikoroma, mkazi wa malemu, ankabwera pambuyo atagwiriziridwa ndi achemwali awo. Atafika pamene ndinakhala anaima. Ndinayamba kupepesa kuti mnzanga ndamusiya panjira, koma anandidula mawu.

"Aphunzitsi, amuna angawa munawanyamula ali moyo. Lero onyamula alipo ambiri. Dzukani, tiziyenda limodzi pang'onopang'ono."

Ankanena za miyezi imene ndinkawakweza a Nikoroma panjinga kupita nawo kuchipatala cha mishoni, mvula kaya dzuwa. Ine zimenezo ndinali nditaiwala. Ndinadzuka, tinayenda, ndipo kumanda tinafika mwambo usanayambe.

Chiyambire tsiku limenelo ndakhala ndikudzifunsa: n'chifukwa chiyani ife amene tikukula timangokumbukira zimene thupi lakana lero, n'kuiwala zonse zimene linavomera kale?

Mnzathu wachikulire akalephera kumaliza ndime kumunda timamuuza kuti apume, mawa kuliko. Koma zikatigwera ife, timadzitcha aulesi. Ndikudziwa mayi wina wa kwa Nazombe amene amasenzabe mtolo wa nkhuni wofanana ndi wa mpongozi wake, poopa kuti anthu anganene kuti watha. Akafika kunyumba amagona masiku ndithu msana ukuwawa. Akupikisana ndi yani? Anzanga ena opuma ntchito m'boma akupaka mankhwala odetsa tsitsi, ngati imvi ndi mlandu.

Masiku ano a matipate aliyense akukamba za ufulu. Pawailesi ufulu, pamsonkhano ufulu. Nanga mawondo athuwa tidzawapatsa liti ufulu wopuma?

Bondo langali si lachabe ayi. Chaka chimene Napolo anatsika m'phirimu, ndi bondo lomweli limene linawoloka madzi amatope ana a eni ali kumsana. Sukulu yaulere itayamba, linaima pansi pa mtengo kuyambira m'mawa mpaka masana, ana osawerengeka atandizungulira. Lapalasa njinga mpaka matayala kutha, ilo lilipobe. Bondo lotere n'lolitukwana chifukwa latopa pa chitunda chimodzi?

Mutu umodzi susenza denga, anatero akale. Ine ndikuwonjezapo kuti mutu womwewo susenza denga mpaka kalekale. Imafika nthawi yotula, ena asenze, ndipo kutula si manyazi.

Loweruka ndinadula ndodo yabwino, ndinaipala, n'kupita nayo kumsika anthu onse akuona. Mayi wina wogulitsa nandolo, amene ndinamuphunzitsa ali wamng'ono, anandiseka kuti aphunzitsi mwakalamba. Ndinamuyankha kuti inde ndakalamba, ndipo ndikunyadira. Zaka zino tikuika m'manda ana athu amene imvi sanazione n'komwe. Ine ndazipeza, ndizibisirenji?

Inu amene masitepe a kutchalitchi ayamba kukutalikirani, amene ulusi wayamba kukana kulowa m'singano, ndikufunseni: mnzanu amene wakutumikirani moyo wake wonse atatopa pamaso panu, mungamulalatire mmene mumalalatira thupi lanu?