Mchere pa Zitsulo

Chaka chimene simenti inafika koyamba pamishoni pathu, nkhondo ya Ajeremani isanayambe, ine ndinali mmisiri womanga. Ansembe ankafuna thanki ya madzi. Zitsulo zoika m'kati mwa chipupa zinabwera pamitu ya amtengatenga, ndipo iwo anamangirira timatumba tawo ta mchere pa zitsulo zomwezo. Mvula inawapeza m'njira. Pofika zinali zitafiira kale.

Akapitawo anati tiziike choncho.

"Ayi," ndinatero. "Khasu logona pafupi ndi mchere limadyeka. Izi zasiyana pati?"

"Simenti ibisa zonse, akulu. Kapena munaphunzira ku Ulaya?"

"Ibisira inu. Dzimbiri lizidyabe."

Anati ndikachedwetsa ntchito andichotsa. Ndinasenza zitsulo za mbali yanga ya thankiyo n'kutsikira nazo kumtsinje. Masiku awiri ndinazikwecha ndi mchenga, kuzitsuka, kuziyanika. Pomanga ndinazikwirira m'kati ndithu, simenti yokhuthala zala zitatu uku ndi uku. Anzanga anangopakapo pang'ono, zitsulo zili pafupi ndi kunja. Nditamaliza akapitawo anandichotsadi, ati ndine wamwano. Ndinabwerera kukalima nyemba.

Patapita zaka zisanu ndi chimodzi, mbali yawo inayamba kutuluka mizere yofiira. Dzimbiri linatupa m'kati n'kung'amba chipupa, madzi n'kumathawa. Mbali yanga inalibe ngakhale mng'alu.

Akapitawo aja anafika kwathu ku Mphunzi chipewa chili m'manja, kudzandipempha kuti ndikamangenso mbali yong'ambikayo ndi zitsulo zatsopano. Ndinawauza kuti ndibwera, koma zitsulo zatsopanozo akakweche okha kumtsinje, ine nditakhala pamwala ndikuyang'ana. Anakwecha.