Chipere cha Pakhosi

Chaka chimene ana anayamba kuphunzira ulere, mwana wanga wamkazi anapeza mwamuna, kalipentala wa ku Chilomoni, ndipo chinkhoswe chinali pafupi. Tinkakhala ku Ndirande m'nyumba ya lendi, mabanja angapo mpanda umodzi, bafa limodzi. Kenako m'munsi mwa khutu la mwana wangayo munatuluka chipere. Kuchipatala anamupatsa mafuta oyera a m'kabotolo, azipaka pang'ono m'mawa ndi madzulo, ndipo anamuchenjeza kuti chipere chimachedwa kutha.

Achemwali anga, amene anabwera kuchokera ku Mulanje kudzathandiza zokonzekera, sanafune zochedwa. Anati mankhwala salowa pakhungu louma. Kwathu chipere amayamba achipala ndi chitsononkho mpaka chionetse magazi. Anamupaladi, n'kupaka mafutawo mochindikala, n'kumangapo kansalu. Ine ndinali ku ntchito yanga ya pageti ku Makata. Pobwera ndinapeza mwana ali kuseri kwa nyumba, akudzithira madzi pakhosi, ataluma mlomo.

"Ababa, pakuyaka ngati andiikapo khala," anatero.

Kutacha panali patatupa, pofiira, matuza atandanda kuyambira kukhutu mpaka paphewa, ena akuchucha madzi. Zaka zimenezo matuza a pakhosi ankatchedwa mashingozi basi, ndipo aliyense ankadziwa matenda amene amabwera pambuyo pake, poti maliro sankatha m'dera lathu. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anangomuona kamodzi, n'kupita kukachotsa beseni lake kubafa.

Ndinamuperekeza kuchipatala. Pa matenda a ana ine sindikhala pansi. Ndinaika kale mmodzi m'manda. Namwino anatikalipira. Anati mafuta amenewo amaluma ngakhale pakhungu labwino, nanga pabala? Si mashingozi, mankhwala amuwotcha. Asiye kupaka, azitsuka ndi madzi oyera, ndipo asaphimbepo, pazipita mphepo.

Kusaphimbako ndiye kunavuta. Mwana anasiya kupita kumpopi, ankangokhala m'nyumba. Loweruka masana amayi a mnyamata anatulukira osatumiza mawu, kudzakambirana za nkhuku za pachinkhoswe. Mwana anadziponyera chitenje paphewa n'kubwera ndi thobwa, kugwada.

"Kutentha konseku mwafundiranji, mayi?" amayi a mnyamata anamufunsa.

Achemwali anayamba kunena za chimfine. Mwana sanawadikire amalize. Anachotsa chitenje chija yekha, n'kutembenuza khosi kuti mayiwo aone bwino.

Ndinafotokoza zonse, za chipere, za chitsononkho, za namwino. Ndinabweretsa kabotolo, n'kuwawerengera zolembedwapo mogwiragwira, monga ndinaphunzirira kusukulu ya kwacha ndili kale ndi imvi. Mawu anga omwe ankamveka ngati a munthu wobisa kanthu. Mayiwo ankangogwedeza mutu, maso ali pamatuza.

"Tamva, bambo. Tidikire kaye achire."

Thobwa lija sanamwe. Za nkhuku sanatchulenso.

Mnyamata anasiya kubwera. Achemwali anabwerera ku Mulanje tisakulankhulana bwino. Matuza anaphwa, khungu linafunduka, panatsala banga lakuda. Chipere chenichenicho chinali chikadalipo m'mphepete, ndipo namwino atalola, mwana anayambanso kupaka, pang'ono zedi, ndi nsonga ya chala. Pa nthawi ya chakudya ndinkapezeka ndikuyang'ana mikono yake ngati ikuwonda. Tsiku lina anandigwira ndikumuyang'ana choncho. Anaika mbale pansi.

"Inunso, ababa?"



Mvula itayamba, banga lili pomwepo koma khungu litasalala, ndinamuuza kuti avale diresi lopanda kolala tipite ku Chilomoni. Anakana poyamba, anati iye si mbuzi yokaionetsa pamsika. Ndinati ngati tikhala, anthu aja adzakhulupirira zimene anaona tsiku lija mpaka kalekale. Anavala.

Tinatsika minibasi n'kukwera mtunda wapansi, iye patsogolo, khosi pamtunda. Amayi a mnyamata tinawapeza akusankha nyemba pakhonde. Anatipatsa mkeka. Anamuyang'ana nthawi yaitali, pakhosi, m'masaya, m'mikono, osabisa n'komwe. Kenako anatambasula dzanja n'kukhudza banga lija ndi chala. Mwana sanasunthe.

Mayiwo anaitana mnyamata kuchokera kuseri kumene ankapala matabwa, n'kumuuza kuti akadziwitse amalume ake kuti alendo a ku Ndirande abwera, akufuna tsiku la chinkhoswe.