Amalume aphwetsa thanki ya amayi

Mwaswera bwanji abale nonse.

Kuno ku Tengani madzi ayamba kutuluka pampopi lero masana. Mmisiri walumikiza pampu ya sola pachitsime chija anakumba agogo awo a bambo, Nsanje ikutchedwabe Port Herald, n'kuika kathanki kabuluu kokankha madzi. Amayi apuma kukoka chingwe ndi msana wawo uja.

Koma imvani za amalume a Fole, okonza njinga aja. Anagogoda kathankiko n'kumva kumtunda kukulira ngati chigubu chopanda kanthu. Ati, "Achemwali, akupusitsani, madzi angolekeza pakati." Ataona valavu yofanana ndi ya njinga, anaidina ndi kamtengo mpaka mpweya wonse kutha, ati madzi apeze malo.

Pampu inayamba kungoyaka n'kuzima. Mmisiri anathamanga kukaizimitsa. Akuti mpweyawo ndi umene umakankha madzi, ndipo pampu ikamatero sichedwa kupsa. Anatsegula mpopi kuti madzi atuluke onse kaye, chifukwa sapopera mpweya m'thanki muli madzi.

Chopopera anachiiwala kuboma, ndiye tinapulumukira pampu ya njinga ya amalume omwewo. Anapopa thukuta lili kamukamu, mmisiri akuyang'ana geji yoyezera mpweya mpaka anati basi. Madzi atabwerera amayi anangothokoza m'Chisena kuti, "Takhuta, achimwene," akuseka.

Pano amalume akuuza aliyense wodutsa kuti thankiyo akonza ndi iwo.

Ine ndikuganiza timangire thankiyo kanyumba kokhoma. Inu mukuti bwanji, ndipo kiyi asunge ndani? Yankhani msanga, amalume adzipereka kale.