Bilyete yomwe ndinakwirira m'khola

Ana anga, mwaswera.

Lero ndinapita ku boma kukapempha bilyete, chiphaso cha unzika, poti achipatala akuti sangandichotse ng'ala m'maso ndilibe chiphaso. Mlembi wa kubomako, mtsikana wa msinkhu wa mdzukulu wanga, akuti, "Agogo, yakale ili kuti?"

Ndinaikwirira m'khola la ng'ombe ku Chidzolomondo nthawi ya nkhondo. Masiku amenewo munthu akapezeka ndi pepala la boma m'thumba ankaphedwa panjira. Titabwerako kothawa ku Malawi ndinakumba, ndinapeza chiswe chitadya dzina langa. Mabuku a kubomako nawonso anapsa pankhondo yomweyo.

Mlembi uja akuti ndibwere ndi mboni ziwiri zimene zinalipo ndikubadwa. Ndinamuuza kuti zonse zili kumanda. Anaseka. Ine sindinaseke.

Maso akuzima. Inu ophunzira, ndiuzeni, ndikadzutse yani?